Chaka Chimene Mbatata Inafota

Amuna anga anabwera m'mudzi muno ngati mkamwini, kuchokera cha ku Mayani. Anafika ndi khasu limodzi, bulangete, ndi kathumba ka mbewu ya mbatata ya kachewere kamene amalume awo anawapatsa. Mudzi wathu uli kumtunda kwa Kasina, kumalo kozizira kumene nkhungu imatha kugona m'minda mpaka dzuwa litakwera ndithu. Mayi anga anatilozera munda wa m'munsi mwa phiri umene unali utagonera zaka zingapo, ndipo ana athu anayi tinawalera ndi munda umenewo.

Amuna angawo sanali munthu wa zolankhula zambiri. Kumapemphero a kumphakati ankakhala kumbuyo, pa maliro ankapita kukakumba manda n'kubwerako osamveka mawu. Koma ukawayamba nkhani ya mbewu, umachita kuwaletsa wekha. Ankasankha mbatata ya mbewu imodziimodzi ndi manja awo, yaing'ono ngati dzira la nkhuku, yosalala khungu. Kuseri kwa nyumba anamanga chisakasa cha udzu chokhala ndi mathandala atatu, ndipo mbewu ankaiyala m'menemo kuti iphukire pa kuwala. Ine sankandilola kuitembenuza. Ankati manja anga ndi aphuma.

M'kupita kwa zaka, mbewu yawo inatchuka. Anthu ankabwera kuchokera midzi yoyandikana, ena mpaka cha ku Kabwazi, kudzafuna mbewu ya kwa mkamwini uja. Ena ankagula, ena ankasinthitsa ndi nyemba, ndipo amasiye angapo ankangowapatsa. M'mudzi wa eni ake, mmene mwamuna alibe munda wake ngakhale mtengo wake, mbewu ija ndi imene inawapatsa poimirira.

Chaka chimenecho mvula inayamba bwino. Mbatata inamera yobiriwira, tinaithira feteleza, tinaikwezera. Itatsala pang'ono kuchita maluwa, tinaona mapando angapo atagwetsa masamba masana, ngati asowa madzi, pamene nthaka inali yonyowa. M'mawa ankadzuka, masana n'kugwanso. Patapita sabata sanadzukenso. Amuna anga anapopera mankhwala kawiri poganiza kuti ndi chiwawu chomwe tinazolowera, koma sizinathandize. Kufotako kunkangoyenda mzere ndi mzere, kutsata kumene madzi amatsetserekera.

Alangizi a zaulimi anabwera pa njinga yamoto tsiku lina Lachiwiri. Anazula phando limodzi, n'kudula tsinde lake, n'kuliviika m'tambula ya madzi imene anandituma. Tinaima tonse kuyang'ana. Posakhalitsa, kuchokera pa tsindepo panayamba kutsika tinthu toyera ngati utsi. Kenaka anacheka mbatata imodzi pakati, ndipo m'kati mwake munali mkombero wofiirira wotuluka zangati mafinya.

"Bambo, matenda awa si a mankhwala," anatero alangiziwo. "Amakhala m'nthaka ndi m'mbewu. Muno musabzalemonso mbatata kapena tomato kwa zaka zingapo. Nanga mbewu ya chaka chino munagawirako anthu?"

Ndinayankha ndine kuti inde, ambiri.

Mpaka lero palibe akudziwa kumene matendawo anachokera. Alangizi anati mwina anabwera ndi madzi ochokera m'minda ya kumtunda, mwina ndi makasu a aganyu, mwina ndi thumba lina la kumsika. Ananenanso pamsonkhano kuti mbewu imatha kuoneka yabwinobwino matenda ali m'kati, ndipo palibe diso limene lingawaone. Koma minda ya anthu amene anatenga mbewu kwathu inafota, ndipo anthuwo anali atawerengera mbatatayo pa chilichonse. Sindingawanene kwambiri. Panalibe amene anabwera kudzatukwana pakhomo. Ankangosiya kulankhula ine ndikafika pamjigo. Tsiku lina pochokera ku Misa, bambo wina amene anali patsogolo pathu ananena mokweza, osacheuka, kuti mudzi ukamadalira za obwera umathera pomwepa. Amuna anga anamva. Anangovala chipewa chawo n'kupitiriza kuyenda.

Mbewu yotsala anaikumbira dzenje kutali ndi munda n'kuikwirira, monga anauzidwira. Chisakasa chija anachiphwasula okha tsiku limodzi, mitengo yake tinasonkhera moto.

Kuchokera pamenepo anayamba kuzimirira pang'onopang'ono. Chimanga tinakolola ndithu, sitinagone ndi njala, koma iwo ankadya ngati akukakamizidwa. Tulo sankalipeza. Kukacha ankatenga khasu kupita kumunda, ndipo ndikawatsatira ndi phala ndinkawapeza atakhala pa chulu, khasu lili pambali louma. Anasiya kumeta ndevu. Anasiya kupita kumphakati, kenaka ku Misa. Ndikafunsa ankati mutu ukuwawa, tsiku lina msana. Ndinawagulira mapilitsi a mutu pagolosale kangapo konse. Ana athu anali atachoka kale pakhomo: wamkulu akuphunzitsa sukulu cha ku Kabwazi, awiri ali ku Lilongwe, wotsiriza ali kusekondale yogonera komweko. Panyumba tinalipo awiri, ndipo masiku ena mawu amene tinkalankhulana sankakwana khumi.

Ndinkati ndi manyazi chabe, atha. Kunena zoona, nthawi zina ndinkapsa mtima. Ndinkati m'mtima, minda yafota ya anthu ambiri, ena onse akulima, nanga awa chawavuta n'chiyani?

Zinakhala choncho nyengo yonse yozizira. Kenaka mwezi wa Seputembala ukuyamba, anasintha. Anadzuka m'mawa wina n'kumeta. Anapita kudambo kukamweta udzu, n'kuyamba kufolera khitchini imene inkadontha zaka ziwiri. Ananola makasu onse n'kuwaika mipini yatsopano. Anandiitana kudimba n'kundionetsa mosamala mmene amasungunulira mankhwala a kabichi ndi mmene amatsukira chopopera, zinthu zimene kale sankafuna n'komwe kuti ndizigwire. Njinga yawo anapalasa kupita nayo ku Mayani n'kubwerako wapansi, akuti aisiyira mng'ono wawo chifukwa ndi amene amayenda kwambiri. Tsiku lina anaseka kumene, mbuzi itagwetsa lichero la ufa.

Ine ndinapuma. Ndinapita kukathokoza kutchalitchi. Ndinauza amayi anzanga kuti abambo achira.

Kumapeto kwa mudzi wathu kumakhala amayi ena amasiye, aakulu kwa ine ndi zaka ngati khumi. Amuna awo anadzipha kalekale, ana anga ali ang'onoang'ono. Maliro ake anayenda mofulumira, opanda nyimbo, ndipo chichokereni tsikulo amayiwo anakhala ngati ali m'mudzi koma sali m'mudzi. Tinkapatsana moni. Sindikumbuka kuti ndinakalowapo m'nyumba mwawo kapena kuwabwereka mchere. Palibe anatiletsa, tinkangotero tonse. Amuna anga okha ndi amene chaka chilichonse ankawatumizira ndowa ya mbewu.

Amayiwo anandipeza kuchigayo ndikudikira mzere. Anandikodola kuti tipite pambali, kuseri kumene phokoso linali lochepa.

"Mayi, mundikhululukire, ndilowerera za m'nyumba mwanu," anatero. "Dzulo abambo anabwera kwathu. Anandikonzera khola la mbuzi osawapempha. Atamaliza anandipepesa za mbewu ija, n'kunena kuti ndikhale bwino. Kodi ali paulendo?"

Ndinati ayi, angopeza mphamvu masiku ano, ndipo ndinawafotokozera za denga, za makasu, za njinga. Ndinkafotokoza mokondwa. Amayiwo ankangoyang'ana pansi.

"Anga anachitanso chimodzimodzi," anatero. "Anakhala miyezi osalankhula. Kenaka sabata ziwiri zomaliza anakonza chilichonse pakhomo, anabweza zonse zimene anabwereka, anasewera ndi ana. Ine ndinkati achira. Pitani mukawafunse."

"Ndikawafunse chiyani?"

"Mukawafunse chomwecho, mosazungulira. Mutchule mawu ake."

Ndinakwiya. Ndinawauza kuti asandibweretsere tsoka la kwawo, ndipo mawu amenewo ndimachita nawo manyazi mpaka lero. Sanabweze. Anangoti, "Ine sindinafunse, mayi. Ndinaopa kuti ndiwapatsa maganizo. Maganizowo anali nawo kale." Anasenza thumba lawo n'kumapita.

Chimanga changa ndinachisiya pamzere ndi mayi wina. Ndinanyamuka nthawi yomweyo. Ndinawapeza amuna anga kudimba akuthirira mpiru, dzuwa lili pamutu. Ndinaima pamphepete nthawi yaitali ndikuwayang'ana akutunga pachitsime, kuthira, kubwerera.

"Bambo," ndinatero, "ndikufunseni kanthu, mundiyankhe zoona. Kodi mukuganiza zodzipha?"

Anapitiriza kuthira mpaka ndowa inatha. Kenaka anaiika pansi bwinobwino, chozondotsa.

"Wakuuzani ndani?"

"Palibe. Ndikufunsa ndine."

Anakhala pansi pa mzere, pamatope pomwepo. Anayang'ana manja awo. "Ndimati ndimalize kaye denga," anatero. "Latsala mbali imodzi."

Sindinalire. Ndinkaganiza kuti tsiku ngati limenelo munthu amakuwa, koma ndinangokhala nawo pansi pamatopepo. Patapita nthawi anayamba kulankhula, pang'onopang'ono, osandiyang'ana. Anati m'mutu mwawo mumangobwera nkhope za anthu amene anawapatsa mbewu, mmodzimmodzi, usana ndi usiku. Anati akadutsa pa munda wa munthu amamva ngati mapazi awo akusiya matenda. Anati ine ndi ana tikanapepukidwa, poti munda ndi wa kwathu kale, ndipo anthu akanaiwala msanga.

"Ndatopa, mayi," anatero. "Si kuti imfa ndikuifuna. Ndikungofuna m'mutumu mukhale chete."

Ndinalibe mawu anzeru. Ndinangoti sindikanapepukidwa, ndipo asandisankhire zimenezo. Ndinawapempha kuti andilonjeze za tsiku limenelo lokha, kuti afika mawa. Anavomera ndi mutu.

Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, ndinasonkhanitsa mabotolo ndi mapaketi onse a mankhwala a mbewu amene tinali nawo, ndi zina zimene ndinaziganizira, n'kuziika m'dengu. Ndinaganiza za achibale anga onse, koma mapazi ananditengera kumapeto kwa mudzi. Amayi amasiye aja analandira dengulo osafunsa kanthu, n'kukalitsekera m'bokosi lawo. Ndinayamba kupepesa za mawu a kuchigayo, iwo n'kundidula. "Bwererani msanga, musawasiye okha. Mawa mupite nawo kuchipatala."

Za chipatalazo zinavuta. Amuna anga ankati iwo si wamisala. Ankaopanso zimene anthu amanena, kuti ukaulula zoterezi amakupereka kupolisi. Ndinaimbira foni mng'ono wawo wa ku Mayani, amenenso ndi nkhoswe yathu, ndipo anafika m'mawa pa njinga yomwe ija. Anakhala awiri pakhonde nthawi yaitali. Sindinamve zonse, ndinangomva alamu anga akuti, "Achimwene, njingayi ndabweza. Kwerani, ndikupalasani ine."

Kuchipatala tinadikira mpaka masana. Dokotala amene anationa anali wamng'ono, msinkhu wa mwana wathu woyamba, ndipo ndinkaona kuti amuna anga sakufuna kumuuza kanthu. Koma iye sanafulumire. Anafunsa za tulo, za chakudya, za munda. Anati bambo ake nawonso ndi mlimi wa mbatata. Kenaka anafunsa funso lomwe lija, mosabisa, ngati akufunsa za malungo. Pomaliza anati awa ndi matenda a maganizo, amagwira anthu ambiri olimba ndi ogwira ntchito, si misala, si ufiti, ndipo si kuchepa kwa chikhulupiriro. Anati za polisi tiziiwale. Anapereka mapilitsi akuti ndizisunga ine n'kumawapatsa limodzi patsiku, ndipo anatiuza kuti tizibwera mwezi uliwonse kudzacheza ndi anamwino amene anaphunzira za zimenezi.

Ndikanakonda kulemba kuti zinathera pomwepo. Mapilitsiwo anatenga milungu yambiri asanaonetse kanthu, ndipo poyamba ankangowaumitsa kukhosi ndi kuwagonetsa masana. Mvula inagwa, ntchito inachuluka, ndipo ine ndinasanduka mlonda. Akapita kumunda ndinkapita nawo. Akachedwa kuchimbudzi ndinkapeza chochita pafupi. Akati akukaona mbuzi, ndinkaima pa ngodya ya nyumba mpaka nditawaona akubwera. Kumaliro sindinkagonako, ndinkanama kuti miyendo ikundivuta. Anthu anayamba kunena kuti ndadzikweza. Ndinaonda mpaka zitenje kumazungulira kawiri.

Tsiku lina tikupalira chimanga, iwo anaima n'kuyamba kuyang'ana kuphiri, monga ankachitira. Sindikudziwa chinandigwira. Ndinaponya khasu n'kuwakalipira kuti nanenso ndine munthu, nanenso ndatopa, kuti mbatata si mwana woti tilire chaka chonse. Ndinanena zambiri. Anangondiyang'ana, kenaka anatola khasu langa n'kundipatsa. Masiku atatu otsatira sindinawachotse diso ngakhale pang'ono, ndikuopa kuti ndawakankhira kuphompho ndi pakamwa panga.

Ulendo wotsatira ndinaulula zimenezi kwa anamwino, amuna anga atatuluka kukayezetsa magazi. Ndinkayembekeza kudzudzulidwa. Iwo anatseka buku lawo n'kufunsa, "Nanga inuyo mumagona?" Anati munthu mmodzi sangalondere mnzake usana ndi usiku mpaka kalekale, ndipo ndikagwa ine tigwa tonse. Anandifunsa kuti alipo ndani amene akudziwa. Ndinati awiri. Anati awiriwo ndiwagwiritse ntchito.

Choncho alamu anga ankabwera Loweruka lililonse kudzalima ndi achimwene awo, ine n'kupita kumsika kapena kungokhala. Amayi amasiye aja ankabwera masana ena ndi nyemba zawo zoti asankhe, n'kukhala pakhonde pamene amuna anga ankakonza zinthu pabwalo. Ankandiuza kuti, "Lowani mukagone, tilipo." Ndinkagona ngati mwala. Iwo ndi amuna anga sankalankhulana zambiri, koma tsiku lina ndili m'nyumba ndinawamva amayiwo akuti, "Bambo, ine palibe tsiku limene ndinapepukidwa. Zaka zonsezi, ngakhale limodzi." Sindinamve yankho.

Kusintha kunabwera mosaoneka. Amuna anga anayamba kumaliza chakudya. Anayamba kudandaula kuti mizere yanga ndi yokhota. Lamulungu lina anavala jekete n'kutsogola njira ya kutchalitchi osanena kanthu, ngakhale anakhala kunja pafupi ndi khomo. Tinagwirizana kuti tsiku likawaipira azinena, ndipo mawu amene anasankha ndi akuti, "Lero kwalemera." Akatero sindifunsa zambiri. Timagwira ntchito limodzi tsiku limenelo, ndipo likapitirira masiku awiri timapita kuchipatala osadikira tsiku lathu.

Padutsa mvula zinayi tsopano. Munda wa m'munsi mwa phiri timabzalamo chimanga ndi nyemba, kudimba anyezi ndi mpiru. Ambiri mwa anthu aja anayambanso mbatata m'minda ina, ndipo pamjigo amandilankhula monga kale, ngati palibe chinachitika. Alangizi anati titha kuyesa kachigawo kakang'ono ndi mbewu yochokera kwina. Amuna anga anati aganiza, ndipo akuganizabe. Mapilitsi anawachepetsera, koma sanawasiyitse. Miyezi yozizira, nkhungu ikakhala masiku angapo osachoka, kumalemera kawirikawiri.

Ine sindinabwererenso mmene ndinalili. Akachedwa pang'ono kuchokera kudimba, ndimatuluka kukayang'ana kunjira, ngakhale ndikudziwa kuti aima panjira kucheza. Kutopa kwina sikutha ndi tulo.

Ana tinawabisira zaka ziwiri. Amuna anga ndi amene anapempha, ndipo ine ndinavomera chifukwa ndinalibe mphamvu zonyamulanso mantha a anthu ena anayi. Tinawauza pa Khirisimasi ina onse atabwera, ndipo amene anafotokoza anali bambo awo eni ake, mwachidule, akuyang'ana pansi. Wamkulu, mphunzitsi uja, anatuluka panja, ndipo nditamutsatira anandikalipira ngati ndine mwana wa m'kalasi mwake.

"Amayi, mukanandiimbira tsiku lomwelo. Ndili pafupi pompa. Mukanawataya, mukanandiuza chiyani?"

Mpaka pano sindidziwa ngati ndinalakwa kapena ayi. Anakhala miyezi iwiri akulankhula ndi bambo ake okha. Kenaka zinaphwa.

Tsopano amaimba foni Lamulungu lililonse tikachoka ku Misa. Bambo ake amamuuza za nyemba, za mbuzi, za mtengo wa anyezi ku Mayani, kenaka amandipatsira foni n'kutuluka panja kuti tilankhule momasuka. Amandifunsa kuti zili bwanji. Masabata ambiri ndimati tili bwino, ndipo zimakhala zoona. Masabata ena ndimamuuza kuti abwere Lachisanu akaweruka, adzagone masiku awiri, ndipo amabwera.